Chaka Chimene Amayi Analowa Pansi pa Galimoto

Oyilo wa m'difu, chibokosi chachitsulo chija chimakhala pakati pa mateyala akumbuyo, ali ndi fungo lakelake. Amanunkha ngati mazira ovunda osakaniza ndi adyo wopserera, ndipo akakulowa m'tsitsi satuluka ndi sopo wamba. M'nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Giredi 5, fungo limeneli linali paliponse m'nyumba mwathu ku Parow. Linali m'mabulangete, m'mpango wa amayi, m'thawulo, ngakhale pa buledi amene ndinkatenga kusukulu. Mtsikana amene ndinkakhala naye desiki imodzi anasuntha mpando wake n'kuuza aphunzitsi kuti ndikununkha galaja. Sindinalire. Ndinamuyang'ana m'maso mpaka anazolika, chifukwa masiku amenewo aliyense m'nyumba mwathu anali ataphunzira kuyang'ana anthu motero.

Tinkakhala kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire, wamasiye, wolankhula Chiafirikansi, amene tonse tinkangowatchula kuti a Tani. Kanyumba kathu kanali ka zipinda ziwiri, kokhala ndi zenera limodzi loyang'ana kumpanda. M'mawa magalasi ake ankachita thukuta, ndipo m'makona munkamera nkhungu yakuda imene amayi ankaikolopa koma inkabwereranso. Mvula ya ku Cape Town imagwa kukuzizira, imabwera chopingasa ndi mphepo n'kulowera pansi pa chitseko. Amayi, a Patuma, amene anakulira ku Machinga kumene mvula imagwa kukutentha, ankati dziko lino ndi lozondoka. Chapatali pankamveka sitima, ndipo padenga nkhunda zinkayenda tsiku lonse ngati anthu ovala nsapato zothina. Pakati pa nyumba yathu ndi ya a Tani panali bwalo la njerwa zofiira zoyalidwa bwino, zimene mwini wake ankazitsuka yekha ndi burashi Loweruka lililonse.

Pa njerwa zimenezo ndi pamene pankaima galimoto ya abambo. Inali folobaifo yakale, galimoto ya m'misewu yovuta, yoyera imene inali itasanduka yachikasu ngati mano a nkhalamba, yaitali moti ine ndinkaikwera chokwawa. Abambo, a Twaibu, ankasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu olemera ku Camps Bay, ndipo anaigula kwa bwana wina amene ankasamukira kunja. Ankanyamuliramo nthambi, udzu ndi manyowa. Inkadontha kuyambira kale, koma iwo ankaidziwa ngati mbuzi yawo. M'mawa uliwonse ankatsegula boneti, kuthira pang'ono apa, kumanga pang'ono apo, ndipo madzulo ankaiyalira katoni pansi kuti njerwa zisade.

Kutangoyamba kuzizira, abambo anagwa akudulira mpanda wa maluwa kuntchito. Inali sitiroko. Anatuluka m'chipatala dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Mawu awo ankatuluka oduka, ngati munthu wolankhula madzi ali m'kamwa. Amayi ankamvapo ochepa, alendo sankamva chilichonse. Ine ndinkamva pafupifupi onse, mwina chifukwa ndinkakhala nawo kuyambira ndikaweruka kusukulu mpaka amayi atabwera kuchokera kolondire kumene ankagwira ntchito yochapa ndi kusita. Choncho ndinasanduka pakamwa pa abambo anga.

Achipatala anati azipita ku mafizo, kokalimbitsa ziwalo zofookazo, sabata iliyonse, apo ayi mwendo uja uumiratu. Vuto linali mayendedwe. Madalaivala a takisi akangoona wilutcheya ankadutsa, n'kutithira madzi a mumsewu. Tsiku lina tinaima pamvula, abambo atafunda pulasitiki wakuda wa zinyalala, mpaka nthawi yathu inadutsa. Titabwerera kunyumba amayi sanavule n'komwe zovala zonyowazo. Anatsegula kabati n'kutenga makiyi. Laisensi anali nayo, chifukwa abambo anawakakamiza kuphunzira kuyendetsa pabwalo la mashopu masiku a Lamlungu, koma anali asanayendetsepo okha.

Sabata yotsatira galimoto inatifikitsa kuchipatala. Pobwerera chiwongolero chinalimba ngati mtengo wouma, amayi akuchipotoza ndi thupi lonse, ndipo m'kati munadzaza utsi wa oyilo wopsa. M'mawa mwake pa njerwa panali chithaphwi chonyezimira ngati utawaleza. A Tani anatererekapo atanyamula ndowa ya zinyalala, n'kusupuka bondo. Anabwera pakhomo pathu akutsimphina, bandeji ili mbee, ndipo ananena mwachidule. Mwezi ukamatha galimoto ikhale itasiya kudontha, apo ayi ichoke. Ikapanda kuchoka, tichoke tonse.

Lamlungu kunabwera amalume, a Yusufu, achimwene awo a amayi. Ankakhala ku Masiphumelele ndipo ankagwira ntchito m'sitolo ku Fish Hoek. Anali munthu wolemekezeka pakati pa anthu akwathu, wa ndevu zosamalidwa ndi mawu ofatsa, ndipo m'banja mwathu mawu awo anali omaliza. Anakhala pa mpando wathu wabwino n'kuyamba kulankhula abambo ali pomwepo pabedi, ngati kuti pabedipo panali mtolo wa zovala.

"Chemwali, galimotoyi yatha. Tiigulitse kwa ogula zitsulo zakutha. Alamuwa tiwakweze basi, abale awo akawasamale kumudzi. Kuno si kodwalira."

"Ndamva, achimwene," anatero amayi, maso ali pansi.

Abambo anatulutsa mawu angapo, malovu akutsikira pachibwano. Amalume anatembenukira kwa ine. "Asiyatu, akuti chiyani?"

"Akuti galimotoyo si yanu," ndinatero. Sindinachepetse kapena kuwonjezera.

Amalume anamaliza tiyi wawo modekha n'kutsanzika. Geti itangotsekeka, amayi anatulutsa ovolosi ya abambo ya buluu m'chikwama cha pansi pa bedi. Anaipinda miyendo, anamanga chitenje pamwamba pake, n'kulimbitsa mpango kumutu. Anaima pamaso pa abambo n'kunena kuti, "Bambo a Asiyatu, manja ndi awa. Nenani poyambira."

Sabata yomweyo unayamba mwezi umene ife Asilamu timasala kudya. Amayi ankadzuka kusanache, kudya pang'ono, kusambitsa abambo, n'kupita kukaima m'mawa wonse pa nthunzi ya simbi. Akabwera masana, milomo itauma, ankalowa pansi pa galimoto mpaka dzuwa litapendeka. Abambo tinkawakankhira pakhonde atafunda bulangete, kudzanja lamanzere atagwira mtengo wa tsache woti azilozera. Ine malo anga anali pakati, mutu pansi pa galimoto, khutu kukhonde.

Lamulo lawo loyamba linali liwu limodzi lokha: "Tsuka." Kunsi kwa galimoto kunali chikhakha cha matope ndi oyilo cha zaka zambiri, chonyowa kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, moti sukanadziwa pamene pakutuluka. Tinayala mapulasitiki ndi manyuzipepala kuti njerwa zisakhudzidwe. Tinkapala ndi supuni yakale, kutsuka ndi palafini ndi mswachi wotha, kenako madzi otentha a m'ketulo ndi sopo waufa, uku tikuwakha madzi akudawo m'beseni. Zinyalala zinkatigwera m'maso ndi m'makutu. Msana unkazizira mpaka kufa dzanzi, zala zinkang'ambika, ndipo palafini akalowa m'ming'aluyo ankaluma ngati tsabola. Patapita masiku zitsulo zinayamba kuoneka, zotuwa, zina zili ndi manambala amene palibe anawaonapo kuyambira ine ndisanabadwe.

Kenako inafika nthawi ya makatoni. Ndinkakawapempha kushopu ya bambo wina wa Chisomali pakona, n'kuwatembenuza kuti mbali yoyera ikhale pamwamba. Madzulo ndinkawayala pansi pa galimoto yonse, n'kujambula ndi pensulo pamene pali teyala lililonse. M'mawa, ndisanavale yunifomu, ndinkawasolola n'kupita nawo pabedi pa abambo. Iwo ankakhudza dontho lililonse ndi chala, kulitikita, kulinunkhiza, n'kunena dzina lake, ine n'kuwauza amayi. Lakuda bii linali la injini. Lofiira ngati madzi a chidede linali la chiwongolero. Lobiriwira, lonunkhira motsekemera, linali madzi a radiyeta. Lachikasu ngati uchi, lonunkha zoipa lija, linali la m'difu. Galimoto yathu inali ndi mitundu yonseyo.

Poyamba ndinkafufuza pamwamba penipeni pa dontho, n'kuloza chitsulo choyamba chimene ndapeza chonyowa. Abambo ankamenya bampala ndi mtengo wa tsache uja. "Mwamba," ankatero. "Tsogolo." Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse kuti oyilo sagwera pamene watulukira. Amatsetsereka ndi zitsulo kupita pansi, ndipo galimoto ikamayenda mphepo imamukankhira kumbuyo. Uyenera kumutsatira chobwerera, kukwera naye mpaka pamene chitsulo chayambira kuuma.

Nzeru ya paudala inachokeranso kwa iwo. Analoza botolo la paudala wa ana limene amayi ankawadzoza kumsana kuti asachite zilonda za pabedi. Tinawaza paudalayo pa zitsulo zotsukazo mpaka injini inayera ngati mandasi ogwera mu ufa. Amayi analiza injini, ine ndili chogona ndi tochi. Kwa kanthawi panalibe chilichonse koma kunjenjemera ndi kutentha. Kenako pa ufa woyerawo panatuluka kamzere kakuda, kopyapyala ngati mzere wa nyerere, kakutsika pang'onopang'ono. Ndinakatsatira ndi tochi mpaka pachivundikiro cha pamwamba pa injini. Titatsegula tinapeza labala wake atauma ngati chikopa cha pa ng'oma, wothyoka pakona.

Kushopu ya zipangizo za galimoto anyamata apakauntala anamwetulirana ataona mayi wa mpango ndi mwana wake. Wina anafunsa m'Chingerezi ngati abambo a kunyumba atituma ndi kapepala. Amayi anatsegula chikwama chawo. Anaika labala wothyokayo pakauntala n'kumudikira, akumuyang'ana, mpaka anapita kukatenga watsopano. Dontho lakuda linachepa. Lofiira linkachokera pa paipi yong'ambika kumapeto, ndipo tinaidula pang'ono n'kuimanganso. Lobiriwira linangofuna kulimbitsa kachitsulo komangira. Madzulo aliwonse amayi ankamasula kusala kwawo ndi madzi ndi futali wa mbatata, zikhadabo zili zakuda, ndipo nthawi zina ankagona supuni ili m'manja.

Difu ndi imene inatisautsa. Tinkapukuta, kuwaza paudala, kulimbitsa mabawuti, koma m'mawa dontho lachikasu linali pomwepo. Abambo ankabwereza liwu lina limene kwa nthawi yoyamba sindinalimve. Ndinayesa mawu onse amene ndinkawadziwa, iwo akupukusa mutu. Anaponya mtengo wa tsache pansi, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope. Ine ndinalira nawo, mokwiya. Atapuma anandikodola kuti ndiyandikire. Ananditsina mphuno ndi zala ziwiri, n'kunditseka pakamwa ndi chikhatho, mpaka masaya anga anafufuma ndipo mpweya unaphulikira m'mbali mwa milomo. Anandisiya n'kuloza kumbuyo kwa galimoto.

Ankanena kuti difu imapuma. Pamwamba pake pali kapaipi kotulutsira mpweya, ndipo kakatsekeka, oyilo akatentha amadzifunira pena potulukira. Malowo anali opanikizika moti dzanja la amayi silinalowe. Langa linalowa. Ndinakapeza pofufuza ndi zala, kali kodzaza ndi dothi louma la m'minda ya ku Camps Bay. Nditakabaya ndi waya kanalira psii, ndipo fungo lonse linanditsikira kumaso ndi m'tsitsi. Ndinatuluka ndikutsokomola. Abambo ankaseka, kuseka kwa mbali imodzi, koyamba chigwereni.

Masiku onsewa a Tani ankationera kuseri kwa katani. M'mawa ankazungulira galimoto ndi ndodo yawo, akugogoda njerwa imodzi imodzi. Katoni inkayera tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinayamba kuyenda modzitukumula. Koma mwezi utatsala pang'ono kutha ndinapeza dontho lachilendo pafupi ndi teyala lakumbuyo. Linali lopanda mtundu kwenikweni, loterera pakati pa zala. Abambo atalikhudza nkhope yawo inasintha. "Buleki," anatero, ndipo liwu limenelo ngakhale amayi analimva. Anaitanitsa makiyi n'kuwakhalira pansi pa ntchafu. Sabata imeneyo sitinapite ku mafizo. Kushopu anati chitsulo chake alibe, chifika Lolemba.

Sindikudziwa ngati a Tani ndiwo anaimbira amalume kapena amalume ndiwo anaimbira a Tani. Loweruka m'mawa kunali mvula yowaza, ndipo amayi ankameta abambo ndevu. Tinamva geti ikutsekuka yonse, kenako injini yaikulu ikubwerera chambuyo, kenako unyolo ukukhuthukira pa njerwa. Inali bulekidauni, galimoto yokoka zinzake zakufa. Amalume anaima pakhomo pathu jekete itanyowa m'mapewa.

"Chemwali, ndamva kuti tsopano ndi mabuleki. Mukufuna kupha mwana ndi mwamuna tsiku limodzi? Lero mundida, koma ndikukuthandizani."

Amayi anapukuta sopo kumaso kwa abambo, anatsuka lezala, n'kuliika pa alumali. Ovolosi sanaivale. Anatuluka ndi diresi lawo la maluwa, anadutsa amalume, anadutsa dalaivala amene anali atagwada akufuna pokolowekera unyolo. Anakhala pansi pa njerwa zonyowazo, anagona chagada, n'kudzikankhira pansi pa galimoto. Kunja kunangotsala mapazi, silipasi imodzi itavuka.

Dalaivala anadzuka n'kuyang'ana amalume. Amalume anagwada, mawondo a thalauza lawo labwino ali m'madzi.

"Patuma, tulukani. Mukundichititsa manyazi pamaso pa anthu."

"Kokani, achimwene."

"Ine ndine mkulu wanu."

"Ndikudziwa. Kokani."

Ine ndinazungulira mbali inayo n'kukwawira momwemo. Madzi ozizira analowa m'juzi mpaka kumsana. Amayi anali atatsinzina, milomo ikugwedezeka popanda mawu, ndipo nditawayandikira anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinandisiyira mabala. Kuchokera pansipo dziko linali la miyendo yokhayokha. Ndinkaona mabuti a dalaivala, nsapato zakuda za amalume zikupita uku ndi uku, masilipasi aubweya a a Tani ataima pakhonde pawo, ndi unyolo uli chigonere ngati njoka. Kumpanda kunkamveka mawu a aneba. Kenako kunayamba kugogoda. Abambo anali atadzikoka okha ndi mwendo umodzi mpaka pakhomo, wilutcheya n'kukodwa pachiundo, ndipo ankamenya felemu ya chitseko ndi mtengo wa tsache. Go, go, go, osapumira, osafulumira.

Sindidziwa kuti tinagona nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbuka kuti mano anga ankagundana, ndiponso kuti dontho la oyilo linagwera amayi patsaya koma sanalipukute. Dalaivala anasuta fodya wake mpaka kutha. Kenako ananena m'Chingerezi kuti iye amakoka magalimoto, sakoka akazi ndi ana, ndipo ali ndi ntchito ina ku Bellville. Unyolo unakwekwerezeka pa njerwa kubwerera kumene unachokera. Masilipasi aubweya analowa m'nyumba.

Amalume anatsala ataima pamvula. Kugogoda kuja kunali kusanaleke, ndipo wilutcheya inali itapendekera kutsogolo, pafupi kugubuduka. Ndinaona nsapato zakuda zikuthamangira kumeneko. Anaigwira, anaikweza kudutsa pachiundo, n'kuikhazika bwino pakhonde. Amuna awiriwo anayang'anana. Abambo analankhula, motalikirapo kuposa masiku onse.

"Asiyatu," anaitana amalume, mawu atatopa. "Akuti chiyani?"

Ndinasuzumira kunja. "Akuti Lolemba mubwere. Mudzawanyamule."

Lolemba anabweradi, ataweruka msanga kusitolo. Sanapepese, ndipo amayi sanayembekezere kupepesedwa. Anavula jekete, anakweza galimoto ndi jeke, n'kumasula manati a teyala amene amayi anali atawalephera ngakhale powaponda ndi phazi. Kuseri kwa teyala kunali konyowa konse. Amayi anachotsa kachitsulo kodonthako n'kuika katsopano, abambo akuyang'anira chilichonse, ine ndikumasulira. Chinatsala chinali kutulutsa mpweya m'mapaipi a mabuleki, ndipo ntchito imeneyo imafuna munthu wopopa buleki ndi phazi pamene wina akutsegula ndi kutseka kabawuti kuteyala.

Amalume anati apopa iwo. Abambo anapukusa mutu n'kudzimenya pa ntchafu yakumanzere. Choncho amalume anawanyamula ngati mwana, dzanja lakufa likulendewera, n'kuwakhazika pampando wa dalaivala. Anawasuntha chammbali kuti phazi lamoyo lifike pa buleki. Amayi anagona pateyala ndi sipanala ndi kapaipi kolowa m'botolo. Amalume anaima kuboneti akuwonjezera mafuta a mabuleki. Ine ndinaima pakati n'kumafuula zimene amayi anena. Pondani. Gwirani pomwepo. Siyani. M'botolo munkatuluka thovu, poyamba lambiri, kenako lochepa. Tinazungulira mateyala onse. Abambo anachita thukuta kuli kozizira chonchija, mtsempha wa pakhosi utatuluka, koma sanalole kupuma. Pomaliza anaponda kamodzi, buleki inakana kutsika, ndipo anagwedeza mutu.

Sanafune kutsika msanga. Anakhala atagwira chiwongolero ndi dzanja lamanzere, akuyang'ana khoma la a Tani kudzera pagalasi. Dzuwa litalowa amalume anapisa m'thumba n'kutulutsa tende, zipatso zotsekemera zomasulira kusala, wokulunga m'pepala. Anapatsa amayi, anandipatsa ine, ndipo tende wina anawaika abambo m'kamwa. Tinadyera pabwalo pomwepo ndi manja akuda.

Dontho limodzi linatikanika. Linkachokera pakati pa injini ndi giyabokosi, pamene sungafike popanda kutsitsa zitsulo zolemera kuposa tonsefe. Amayi sanalibise. Tsiku lomaliza la mwezi anagogoda kwa a Tani, katoni ili m'manja, ine ndili pambali. Anawaonetsa kadontho kamodzi kakuda pakati pa katoni yoyera, n'kunena m'Chingerezi chawo chochepa kuti aka sikatha, galimoto sichoka, ndipo ifenso sitichoka. A Tani anayang'ana katoniyo, anayang'ana manja a amayi, n'kutseka chitseko. M'mawa mwake pansi pa injini tinapeza thileyi yakale yophikira makeke, itadzazidwa mchenga. Za galimoto a Tani sanazitchulenso, ngakhale kuti anapitiriza kudandaula za chingwe chathu choyanikira zovala mpaka tsiku limene tinasamuka.

Galimoto ija inawatenga abambo ku mafizo nyengo yonse yotsalayo. Pamene mphepo yachilimwe inkayamba kuuluza mchenga m'misewu ya Parow, ankayenda ndi ndodo kuchokera pakhomo mpaka pageti. Sanayendetsenso galimoto, sanabwerere ku maluwa awo, ndipo mawu awo anakhala oduka mpaka kumwalira kwawo. Ndili kusekondale giyabokosi inafa. Amayi anaitana okha a zitsulo, tsiku limene anasankha okha, ndipo anaima pageti atapinda manja mpaka bulekidauni inakhota pakona.

Nthawi imeneyo nkhani yonse inali yosavuta kwa ine. Amalume anali mdani, amayi sankadziwa mantha, ndipo ife tinapambana. Ndinakula kaye kuti ndidziwe kuti munthu wakwathu akamwalira mu mzinda uno, amalume ndi amene ankaitanidwa kukazindikira mtembo, kukausambitsa ndi kuimbira foni kumudzi. Anali ataimba mafoni otero okwanira, ndipo ankafuna kuti mlamu wawo akaonane ndi abale ake ali ndi moyo. Analakwitsa, koma osati chifukwa chouma mtima.

Za amayi ndinadziwa posachedwapa, tikupinda zochapa limodzi. Ndinawakumbutsa za Loweruka lija ndikuseka, n'kuwauza kuti mkono unandipweteka sabata yonse chifukwa anandigwira kuti ndisathawe. Anasiya kupinda n'kundiyang'ana modabwa.

"Kuti usathawe? Ine ndimamvetsera unyolo. Unyolowo ukanangolira, ndikanakukankhira kunja."

Ndinawafunsa kuti nanga iwo akanatani. Anatenga thawulo lina, analikung'untha, n'kulumikiza makona ake.

"Pamenepo sindinaganizepo," anatero.